Kuseri kwa Kalata ya Lusiyano

Lamulungu lapitali tinachita Misa yokumbukira a Gelevaziyo, pakuti chakwana chaka chiwaikireni m'manda. Amene analankhula m'malo mwa mpingo anati malemuwa anali munthu wofatsa, wosadziwa kukangana ndi munthu. Ndinatsala pang'ono kuseka m'tchalitchi. Wofatsa ndani? A Gelevaziyo ankatha kukukalipira pamaso pa apongozi ako chifukwa chongopinda nsonga ya tsamba la buku. Ineyo anandilandapo buku pakati pa nyimbo, kwaya ili mkati moimba, chifukwa anandiona ndikunyowetsa chala ndi malovu kuti nditembenuze tsamba. Ndiye ndati mbiri yawo ndilembe ine Rozina, amene ndinakangana nawo kuposa wina aliyense, komanso amene ndinawalakwira kwambiri ndisakudziwa.

Anzawo akamasoka fodya m'zigafa, iwo ankasoka mabuku pakhonde. Ntchitoyi anaiphunzira kale kumishoni, ndipo kumapiri kwathu kuno, m'malire a Dowa ndi Ntchisi, kunalibe wina woidziwa. Buku la nyimbo likathothoka masamba, buku la mapemphero likanyowa ndi mvula, kaundula wa ubatizo akadyedwa ndi makoswe, zonse zinkathera pakhonde pawo. Tebulo analibe. Ankaika thabwa pamiyendo, pambali pali msomali wonola wobowolera, singano, lezala, ndi fupa la nthiti ya ng'ombe limene linachita kunyezimira ndi kusalaza mapepala. Ulusi ankasomola pakamwa pa matumba a feteleza, n'kuupaka phula la njuchi kuti usaole. Zikuto ankapanga pomata makatoni awiri a sopo, amene ankakapempha m'magolosale ku Mponela, kenako n'kukutira ndi nsalu ya biriwita. Chomatira chinali phala la ufa wa chinangwa, lothiramo timadontho ta parafini kuti mphemvu zisalilakelake. Mukadutsa pakhomopo mphuno inkakuuzani yokha kuti lero akumata.

Akamaliza, ankasanja mabukuwo pakati pa matabwa awiri n'kutsindira ndi mphero yakale ya amayi awo. Masiku atatu, osachepera. Mphero imeneyo sinkakhudzidwa. Nkhuku ikakwerapo inkalandira mwala, ndipo mlendo akafuna kukhalapo ankamva mawu amene sanawayembekeze kwa munthu wopemphera. Mlimi wina wa fodya, pofuna kuwachitira chifundo, anawauza kuti azikatsindira mabuku pa jeke wake, ntchito izitha tsiku limodzi. Anamuyankha kuti buku si belo, ndipo sanamupatsenso moni mpaka kukolola. A katekisiti nawo anakhala pa udani ndi iwo chaka chathunthu chifukwa chomata buku la mawerengo ndi tepi ya kusitolo. A Gelevaziyo analibweretsa bukulo pamsonkhano wa akuluampingo ngati munthu wonyamula mwana wovulazidwa.

Ankati buku limayamba kufa ndi msana, monga munthu. Ankatinso buku limene iwo asoka limaika mwini wake m'manda, osati mwini wake kuika buku. Koma chimene ankanyadira koposa n'chakuti akasoka mabuku ambiri pamodzi, ankatuluka ofanana ndendende. Ankawasanja pamphasa n'kukuuza kuti usankhe lopotoka. Ukalephera ankaseka, mano apatsogolo palibe, n'kunena kuti ngakhale iwo eni ake sangawasiyanitse. Ife tinkati n'kudzitama kwa nkhalamba. Sitinkadziwa kuti kusekako kunkawapweteka.

Akazi awo ndi a Nambewe, alipo mpaka lero. Ana anabereka asanu, koma amene anakula ndi mmodzi yekha, Lusiyano, amene anadzakhala mphunzitsi pasukulu ina ku Ntchisi. Masiku a chipani chimodzi aja, galimoto inafika pasukulupo n'kumutenga ali ndi choko m'manja. Chimene analakwa sitikuchidziwa mpaka pano. Ena amati anayankha mosayenera pamsonkhano, ena amati mnzake ankasirira malo ake. Nthawi imeneyo sunkafunsa, ndipo sunkalira mokweza. Anthu tinasiya kudzera njira ya pakhomo pawo, ndinene zoona, nanenso ndinkalambalala. Patapita miyezi ingapo a Gelevaziyo nawo anatengedwa. Anabwera patatha masabata atatu, mano awiri atatsala komweko, khutu limodzi litagontha. Atafika anangoima pakhonde kuyang'ana mphero yawo, osalowa m'nyumba, mpaka akazi awo anachita kuwakoka dzanja.

Kuyambira pamenepo m'nyumba muja munalowa chete. Sankakangana ayi. A Nambewe ankawaikira madzi osamba, ankawaphikira, ankawachapira, koma kukhala nawo pakhonde n'kucheza monga kale, zimenezo zinatha. Amuna ali kumaso kwa nyumba ndi singano, akazi ali kuseri ndi lichero. Ife tinkati ndi chisoni cha mwana basi.

Tsopano ndinene zanga, zimene zimandidya.

Amayi anga anali a m'kwaya, oimba mawu achiwiri. Anali ndi buku la nyimbo la chikuto cha biriwita limene analandira pa Pasaka ina, ndipo ankalikulunga m'duku ngati ndalama. Kuwerenga ankangodziwa pang'ono, nyimbo zonse zinali pamtima, koma kuimba opanda bukulo m'manja sankatha. Anamwalira chaka cha chilala chija, chimene tinadya ufa wachikasu, zipani zisanachuluke. Kwathu kuno mkhristu akamwalira timamukulunga kolona m'manja, ndipo akakhala woimba timamuikira buku lake pachifuwa. Ndinaliika ndekha, n'kupinda manja awo pamwamba pake.

Bokosi lili pafupi kukhomedwa, ndinaona a Gelevaziyo akudzipanikiza pakhomo la siwa, pakati pa azimayi, malo amene mwamuna wa msinkhu wawo sakanayenera kuima. Anawerama n'kundinong'oneza.

"Rozina, bukulo ukanalisunga, mwanangu. Kapena undibwereke pang'ono chabe, ndione msana wake."

Mutu unandiwira. Ndinayankha mokweza, anthu onse akumva.

"Bambo, ngakhale pamaliro? Amayi anga agona apa, inu mukuganiza za msana wa buku? Chokani!"

Wapampando wa chipani wa m'mudzi mwathu anali ataima pakhonde pomwepo, pafupi moti akanatha kuwagwira phewa. A Gelevaziyo anamuyang'ana, anayang'ananso bokosi. Anatuluka chipewa chili m'manja. Kumanda anaima kutsogolo mpaka adzukulu anamaliza kuumba mtumbira, ndipo anthu atabalalika iwo anatsala. Ndinawasungira mkwiyo zaka zitatu. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine tsiku limenelo ndinangomva kuwawa kwa khutu.

Kenako dziko linatembenuka. Tinakavota, anyamata anayamba kukweza zala ziwiri m'mwamba pamsika, anthu ankatukwana boma pa minibasi popanda wowagwira. Andende anayamba kubwerera kwawo. A Nambewe ankavala chitenje chabwino m'mawa uliwonse n'kukakhala pamphambano, kuyang'ana aliyense wotsika galimoto yochokera ku Mponela. Anachita zimenezo miyezi iwiri. Tsiku lina kunabwera munthu wowonda, woyenda ndi ndodo, amene anali m'chipinda chimodzi ndi Lusiyano. Anati Lusiyano anamwalira kalekale ndi chifuwa, anaikidwa ndi akaidi anzake kutchire, ndipo malowo iye sangawaloze. Tinalira maliro opanda mtembo. Mayi uja analibe ngakhale mtumbira woti akagwadepo.

Apo m'pamene a Gelevaziyo anayamba kuyenda. Ankanyamula thumba la lezala, makatoni, nsalu ndi kabotolo ka phala, n'kukwera mapiri ndi miyendo yawo yotupa ija. Akafika pakhomo pa munthu amene anaimbapo m'kwaya yathu kale, ankapempha buku lake la nyimbo. Akapatsidwa, buku labwinobwino, ankalidula chikuto, n'kulekanitsa makatoni pang'onopang'ono ndi lezala, n'kusuzumira mkati. Kenako ankapuma mozama, n'kukhala pansi kulipangira chikuto chatsopano, osalipiritsa. Ukawafunsa chifukwa ankati akungoona ngati phala linagwira. Tonse tinati imfa ya mwana yawasokoneza mutu. Mayi wina ku Bowe anawathamangitsa ndi mthiko, iwo anabwereranso m'mawa mwake, ndi mkuja wake, mpaka mayiyo anawaponyera bukulo kuti amuchoke.

Tsiku lina masana anafika pakhomo panga, pakuti tsopano kwaya ndinkatsogolera ndine. Anati akufuna ndiwathandize kudziwa kumene kunapita anthu awiri amene ankaimba ndi amayi anga.

"Kuti mukawang'ambirenso mabuku?" ndinatero, osawapatsa ndi mpando womwe. "Anthu akukusekani, bambo. Khalani pansi, mwakula."

Anakhaladi pansi, padothi, munthu wamkulu. Anandiuza kuti ndithamangitse ana, ndipo anayang'ana uku ndi uku ngati tikadali m'masiku aja. Boma lasintha, anatero, koma anthu a m'mudzi ndi omwewo. Kenako anandiuza zimene anazisunga zaka zoposa khumi.

Patapita miyezi Lusiyano atatengedwa, kunafika munthu wogulitsa usipa pa njinga. Anawayezera usipa umene iwo sanaitanitse, ndipo pansi pake panali kapepala kong'ambidwa ku thumba la simenti, kakakulu ngati chikhatho, kolembedwa ndi pensulo. Kanali kalata ya Lusiyano, yoyamba ndi yomaliza. A Nambewe anali kudimba. Tsiku limenelo a Gelevaziyo ankamata zikuto za mabuku khumi ndi awiri a kwaya, amene a katekisiti anaitanitsa kuti adzagawidwe pa Pasaka. Dzuwa lili pamutu galu anauwa, ndipo anaona anyamata a chipani a malaya ofiira akutulukira kuseri kwa nkhokwe. Kalata ya wandende ikapezeka m'nyumba, nyumba yonse inkapita. Anaikulunga m'pepala louma kuti phala lisaikhudze, anaiika pakati pa makatoni awiri, anamata, anakutira nsalu, n'kuika bukulo lachitatu kuchokera pansi.

"Ndinachita mothamanga," anandiuza, "koma ntchito ndinaigwira bwino. Sukanatha kuona chotupa ngakhale pang'ono."

Anyamatawo anasasula denga, anakhuthula nkhokwe, anachotsa mphero n'kukutumula mabuku onse limodzilimodzi. Sanapeze kanthu. Komabe anawatenga a Gelevaziyo, ndipo a Nambewe pobwera anangobwezera mabukuwo pansi pa mphero. Ali komweko Pasaka inafika, a katekisiti anabwera kudzatenga mabuku awo, ndipo a Nambewe, amene sankadziwa kalikonse, anachotsa mphero n'kuwapatsa onse khumi ndi awiri. Pobwera a Gelevaziyo anapeza mwala uli pamatabwa opanda kanthu. Anawauza akazi awo za kalatayo tsiku lomwelo. Mwamuna anadziimba mlandu, mkazi anadziimba mlandu, ndipo aliyense mumtima ankaimbanso mnzake.

"Nanga bwanji simunangowaitanitsa mabukuwo?" ndinafunsa.

"Ndinene kuti chiyani? Kuti ine Gelevaziyo ndasoka molakwika mabuku khumi ndi awiri? Akanakhulupirira ndani? M'kwaya momwemo munali makutu a chipani. Ndinati ndidikire, akang'ambika abwera okha."

Koma sanang'ambike. Anawasoka bwino kwambiri. Pa zaka zonsezo anabwerera anayi okha, ndipo onse anali opanda kanthu. Oimba aja anabalalika, ena kukwatiwa kutali, ena kupita ku maesiteti. Zipani zitachuluka anayenda okha n'kupeza asanu, nawonso opanda kanthu. Kulengeza m'tchalitchi anakana, chifukwa ankadziwa kuti anthu akadzatenga mipeni n'kudula okha, adzaidula pakati kalatayo.

Ndinawerenga ndi zala. Anayi ndi asanu, asanu ndi anayi. Otsala anali atatu, koma iwo ankandifunsa za anthu awiri okha.

"Bambo, la amayi lija?"

"Linali limodzi la amenewo," anatero, akuyang'ana pansi. "Koma usadandaule. Atsala awiri kunjaku. Mulungu si wankhanza chotero."

Mayo ine! Ndinagwa pamapazi awo, iwo n'kumandikalipira kuti ndiwadetsa thumba la makatoni.

Woyamba, mayi wina, ndinamupeza msanga, anakwatiwa kufupi ndi Malomo. Tinapita tonse awiri, minibasi mpaka pamsika, kwinako wapansi. Mayiyo anatilandira bwino, anatulutsa bukulo m'sutikesi. A Gelevaziyo anadula, anasuzumira, anapuma mozama muja ankachitira. Munalibe. Anakhala pamthunzi wa mango kulipangira chikuto china, mwaudongo ngati palibe chachitika, ine ndikulira kuseri kwa khola la eni ake.

Pobwerera tinapuma pamwala wina pamwamba pa chitunda, chifukwa miyendo inawakana. Ndinawafunsa funso limene linkandivuta. Kalatayo anaiwerenga, mawu ake akuwadziwa, ndiye n'chifukwa chiyani akudzipha ndi maulendo chifukwa cha kapepala?

Anati kapepalako kanalembedwa mbali zonse ziwiri. Kumaso kunali kwa iwo. Lusiyano analemba kuti asadzivute kumufunafuna, mabuku ake apatse ana asukulu, akutsokomola koma si zoopsa. Pansi penipeni analemba kuti: tembenuzani, kuseriku ndi kwa amayi.

"Sindinatembenuze, Rozina."

"Anyamata aja anakudzidzimutsani?"

"Iyayi. Nthawi ndinali nayo. Wausipa anabwera m'mawa, iwo anabwera masana. Ndinakhala nayo m'thumba la malaya nthawi yonseyo. Ndinati mawu a mwini wake ndisayambe kuwadya ndine, abwere kudimba, asambe m'manja, akhale apa, ndiwawerengere tikumvera limodzi. Ndinkafuna kuwachitira ulemu."

Atabwera kuchokera kumene anawatsekera, a Nambewe anawafunsa chimene mwana analemba. Iwo analephera kuwauza kuti pali mawu awo amene palibe anawawerenga. Anapeka. Anati walemba kuti: amayi, ndili bwino, tikudya kawiri patsiku, musalire. A Nambewe anangowayang'ana n'kupita kuseri kwa nyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanakhalenso pakhonde.

Buku lomaliza linali ndi bambo wina amene anapita ku maesiteti a fodya n'kudzakhazikika kuseri kwa Mponela. Ndinamufunafuna miyezi itatu. Nditamupeza anakana, anati wamva kuti kuli nkhalamba yamisala yong'amba mabuku. Ndinamuuza mawu amene sindingawalembe pano, ndinamusiyira buku langa ngati chikole, ndipo ndinabwera nalo lake nditalimanga m'chitenje pamimba. A Gelevaziyo nthawi imeneyo sankathanso kuyenda mtunda.

Linali Lachiwiri m'mawa, chimanga chitayamba kuuma m'minda. Ndinalipereka ndi manja awiri. Anaitanitsa madzi n'kusamba m'manja, anapukuta, anatenga lezala latsopano m'kapepala kake. Tili choncho ndinamva mphasa ikukokedwa. A Nambewe anatuluka kuseri, anayala mphasa pakhonde, n'kukhala pafupi ndi amuna awo, mawondo kugundana. Ine chibadwire cha ana anga ndinali ndisanawaonepo atakhala chotero.

Anayamba ndi chikuto chakumaso. Anadula nsalu m'mphepete, anaisenda, analowetsa lezala pakati pa makatoni, n'kumayendetsa pang'onopang'ono, akupuma ndi pakamwa. Makatoni analekana. Munali phala louma ndi zilembo za sopo. Anatembenuza buku. Chikuto chakumbuyo anachichita nthawi yaitali kuposa choyamba, ndipo ndikhulupirira ankachedwa dala. Chitatseguka anakweza makatoni onse awiri kudzuwa, anawapapasa ndi chala, anawanunkhiza. Kenako anawaika pathabwa bwinobwino, limodzi pamwamba pa linzake.

Palibe anandiyang'ana. Chimenecho n'chimene chinandipha. Akanandilalatira, akanandiponyera fupa lija, bwenzi zili bwino.

"Tikafukule," ndinatero. "Ndipita kwa abambo mfumu kuparishi, ndipita kwa amfumu. Ndi amayi anga, ndavomera ine. Tikafukule!"

"Padutsa madzinja anayi, Rozina," anatero a Gelevaziyo, mofatsa kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo. "Katoni, phala la chinangwa, pensulo. Pepala ndimalidziwa ine. Asiye amayi ako agone, sanalakwe kanthu. Iwenso sunalakwe."

Anatembenukira kwa akazi awo.

"Amake Lusiyano, ndinakunamizani. Kuseri kunali kwanu, ndipo sindinawerenge. Mawu aja ndinapeka."

"Ndinkadziwa," anatero a Nambewe.

"Munkadziwa?"

"Lusiyano anayamba wanditchulapo kuti amayi? Chiyambire kulankhula ankati aNambewe, kutengera inu, ndikamukalipira ankaseka. Inu munati walemba kuti amayi. Ndinadziwa kuti mukundisokerera mawu monga mumasokera mabuku anuwa." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Zaka zonsezi ndinkayesa munawerenga zoopsa, mukundibisira. Ndinkagona ndikuganiza kuti anamuchita chiyani mwana wanga chimene bambo ake akulephera kuchitchula. Mukanangonena, bambo ake Lusiyano. Mukanangonena."

A Gelevaziyo analira ngati mwana, pakamwa pali yasa. A Nambewe anawasiya alire, kenako anawagwira bondo.

"Tsono ndiuzeni za kumaso. Zenizeni, musasokepo."

Anawauza. Za kusamufunafuna, za mabuku a ana asukulu, za chifuwa. A Nambewe anati abwerezenso, ndipo anabwereza. Atafika pa mawu akuti tembenuzani, kuseriku ndi kwa, anaima, n'kunena kuti pamenepo analembadi kuti aNambewe, akumbukira tsopano, ndipo sakupeka. Mayi uja anagwedeza mutu. Ine ndinanyamuka mwakachetechete, chifukwa panalibenso malo anga.

Buku la bambo wa ku Mponela analisoka sabata yomweyo, ndipo linatuluka lokongola ngati ena onse. Ndilo linali lomaliza. Anthu ankabwerabe ndi mabuku awo, iwo ankangowauza kuti maso atha, ngakhale maso anali bwinobwino. Miyezi imene inatsalayo ankakhala pakhonde awiriwiri, a Nambewe akutongola chimanga, iwo manja ali pamiyendo. Sindinganene kuti ankacheza kwambiri. Koma ankakhala mbali imodzi ya nyumba. Kuzizira kwa mwezi wa Juni kutafika chifuwa chinawagwira, ndipo sanalimbane nacho. Pamaliro awo mayi wina wa mtima wabwino anabwera ndi buku la nyimbo kuti tiwaikire pachifuwa. Ndinamulanda. Anthu anati Rozina wayambanso ukali wake, ine sindinawafotokozere.

Mwezi wa Novembala, pamene akhristu timapita kukalambula kumanda a kumishoni, ndinalawirira ndi khasu langa. Ndinapeza pamanda a amayi anga polambula kale, udzu utazulidwa ndi manja, mtumbira utakwezedwa. A Nambewe anali atakhala pambali pake, miyendo atatambasula, khasu lili apo. Kwa amuna awo anali asanapiteko.

"Ndakulanda ntchito, mwanangu," anatero. "Usandiletse. Kwina kokagwada ndilibe." Anasalaza dothi ndi chikhatho. "Kodi amayi ako ankadziwa kuwerenga?"

"Pang'ono, amayi. Ankachita kuloza ndi chala."

"Pang'ono pomwepo. Nthawi ali nayo. Ndikafika adzandiuza."

Titatuluka Misa ya Lamulungu lapitali ndinawaperekeza kwawo. Khonde lija likadali momwe linalili, koma fungo la parafini linatha. Thabwa analiimika kukhoma, ndipo chiswe chayamba kulikwera. M'chitini muli msomali, singano yadzimbiri, ndi kachidutswa ka phula kokhala ndi mizere ya ulusi. Fupa lija lili pawindo. Pamene ankakhala, dothi linakumbika pang'ono ndi zidendene zawo, ndipo nkhuku zapapeza posambira fumbi. Zimakweranso pamphero, palibe woziponya mwala.

A Nambewe anati ndiwathandize kunyamula mpheroyo, pali chimene akufuna ndione. Tinaigubuduza awiri. Pakati pa matabwa panali kabuku kamodzi kakang'ono ngati chikhatho, ka biriwita, kosokedwa bwino kuposa china chilichonse chimene ndinaonapo cha manja awo. Anakapanga chaka chimene anayamba kuyenda m'mapiri. Mkati mulibe masamba. Muli kathumba kamodzi ka pulasitiki yoonekera, ya paketi ya shuga, kotsukidwa, kosokeredwa kumsana mbali imodzi yokha, kuti pepala likalowamo munthu aziwerenga kumaso, n'kutembenuza, n'kuwerenga kuseri osalikhudza.

A Nambewe anatembenuza kathumbako, anayang'ana, anatembenuzanso. Kenako anatseka, anakabwezera pakati pa matabwa, ndipo tinabwezera mphero pamalo pake.